Mafunso pa Chichewa: "walowa m'dzenje" ndi mawu ena a mjaha wa Formula One

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anzathu a kuno ku Joni amene Lamulungu amaunjikana pa kanema kuonera Formula One pa SuperSport, kenako n'kumakangana pa WhatsApp mpaka usiku. Mpira wamiyendo udapeza kale mawu ake kudzera pa wailesi: chigoli, goloboyi, oyimbira, kupherera. Mjaha wa galimoto ulibe mwayi umenewo, n'chifukwa chake aliyense akungotola liwu la Chingerezi n'kulitembenuza mmene waganizira.

Wa ku Randburg wafunsa: "Galimoto zimenezi pa Chingerezi amati open-wheel. Ine ndinalemba kuti galimoto za matayala otseguka, anzanga n'kundiseka. Ndalakwa pati?"

Achimwene, sanakusekeni pachabe. Chimene chimatseguka ndi chitseko, botolo, kapena m'mimba. Tayala likatseguka ndiye kuti lang'ambika. Chimene dzinalo likunena n'chakuti matayala onse anayi ali panja pa thupi la galimoto, opanda madigadi. Nenani kuti "galimoto za matayala osaphimba" kapena "za matayala apanja", aliyense amva. Zimakhala za mpando umodzi, dalaivala ali chogonera pakati, ndipo kuyambira 2018 za Formula One zili ndi chitsulo chotchedwa halo chimene chimatchinga mutu wake. Za IndyCar ku America, Formula 2 ndi Formula E zili m'gulu lomweli. Za NASCAR, mjaha wina wa ku America, ayi, matayala ake ndi ophimba. Kusiyanaku n'kwakukulu: matayala apanja akakhudzana ali pa liwiro, lina limakwera pa linzake ndipo galimoto itha kunyamuka m'mwamba.

Tikadali pomwepa, "galimoto izi" ndi "magalimoto awa" zonse ndi Chichewa chabwino. Cholakwika ndi kusakaniza, monga "magalimoto zimenezi". Ndipo inu amene mwakhalitsa kuno, liwu la Chizulu loti imoto lisiyeni pa renki ya matakisi. Mukalembera wa ku Dedza za galimoto ya dalaivala Lewis Hamilton kuti "moto ya Hamilton", iye aona malawi.

Wina wa ku Tembisa akuti: "Mjaha ndi mpikisano n'chimodzimodzi?"

Ayi. Mjaha uliwonse ndi mpikisano, koma kwaya kapena bawo ndi mpikisano wopanda mjaha. Mjaha ndi wa liwiro, ndipo amene mumamva Chizulu mwaona kale kuti umjaho wawo ndi mjaha wathu akumveka ngati pachibale. Kusiyanaku kukuthandizani: wa tsiku limodzi uja muziti mjaha, wa chaka chonse muziti mpikisano. Mu 2025 munali mijaha 24 mu mpikisano umodzi. Pa mjaha uliwonse woyamba amatenga mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, kutsika mpaka wa nambala 10 amene amatola imodzi. Zikho ndi ziwiri, cha madalaivala ndi cha matimu, ndipo cha matimu amaphatikiza mapointi a madalaivala onse awiri a timuyo.

Liwu la lap, kutanthauza kuzungulira msewu wa mjaha kamodzi, musavutike nalo kulisakira dzina. Chichewa chimawerenga zotere ndi ka: wazungulira kawiri, katatu, ka 44. Pa bwalo la Spa-Francorchamps ku Belgium amazungulira ka 44 chifukwa msewu wake ndi wautali, ku Monaco ka 78. Lamulo n'lakuti mjaha upitirire makilomita 305, kupatula wa ku Monaco umene ndi wa makilomita pafupifupi 260. Mukafuna dzina nenani ulendo: "kwatsala maulendo asanu".

Mayi wina wa ku Rosettenville walemba: "Mwana wanga amati Hamilton akuthamangira Ferrari. Ine ndikumva ngati munthu akuthawira kwinakwake. Ndi khutu langa kapena?"

Khutu lanu lili bwino, mayi. Kuthamangira malo ndi kupita kumeneko mofulumira, monga kuthamangira kuchipatala. Mwanayo watengera kalankhulidwe ka mpira, komwe timati uje akusewerera timu yakuti, koma wasankha mneni wolakwika. Amene amathamanga ndi galimoto, munthuyo amayendetsa. Choncho Lewis Hamilton akuyendetsera Ferrari kuyambira 2025, atachoka ku Mercedes. Onani kachidutswa kakang'onoko: "amayendetsa Ferrari" ndiye kuti ali ndi galimoto ya mtunduwo, mwina wabizinesi wa ku Sandton, pamene "amayendetsera Ferrari" ndiye kuti timuyo idamulemba ntchito.

Mneni amene amasokoneza kwambiri ndi kuthamangitsa, chifukwa ali ndi nkhope zitatu. "Akuthamangitsa galimoto" ndiye kuti waponda mafuta. "Verstappen akuthamangitsa Norris" ndiye kuti ali pambuyo pake, akufuna kumupeza. "Timu yamuthamangitsa" ndiye kuti ntchito yatha. Tanthauzo lachitatuli muzisamala nalo. Timu ya Red Bull itachotsa Liam Lawson atangoyendetsa mijaha iwiri mu 2025, n'kuika Yuki Tsunoda, ambiri adalemba kuti yamuthamangitsa, chonsecho adangomubweza ku timu yawo yaing'ono ya Racing Bulls. Pamenepo mawu ake ndi "yamutsitsa".

Wina akadutsa mnzake timati wamupitirira kapena wamudutsa. Pocheza mudzamva "wamuovateka", ndipo pakamwa palibe mlandu, koma polemba tili nawo athu. Galimoto ikasiya kuyenda nenani kuti yamufera panjira, kapena injini yazima. Musafupikitse n'kunena kuti "Leclerc wafa", masewera ano adaphapo anthu ndipo womva atha kukhulupirira.

Funso lotsatira lachokera ku Mayfair, ndipo ndi limene latipatsa mutu: "Pit ndi dzenje, eti? Ndiye dalaivala akalowa kosintha matayala ndinene kuti walowa m'dzenje?"

Mukatero, anthu afunsa ngati wavulala. Kumeneko ndi kugalaja, ndipo kamsewu kopita kumeneko ndi kamsewu ka kugalaja, komwe saloledwa kupitirira makilomita 80 pa ola m'mabwalo ambiri. "Walowa kugalaja" kapena "wakasintha matayala" zikukwana. Osanena kuti wakamwetsa mafuta: kuyambira 2010 Formula One idaletsa kumwetsa mkati mwa mjaha, galimoto imanyamuka ndi mafuta onse a tsikulo.

Mawu a ntchito ya pamenepo ndi omwe aja a pa galaja ya ku Biwi kapena ku Ndirande. Galimoto ikaima, wa jeke wakutsogolo ndi wakumbuyo amainyamula. Pa tayala lililonse pali amakaniko atatu: wina amasula ndi kumanga nati ndi sipanala ya mphepo, wina azula tayala lakale, wina alowetsa latsopano. Nati ndi imodzi yokha, yapakati. Zonsezi zimatha m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo a McLaren adachitapo m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Koma nthawi imene dalaivala amataya yonse, kuwerengera kulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, imafika cha m'ma 20 kapena kupitirira. Zikavuta, mneni wake ndi wa nati: yakana, yadyeka, yalowa mopingasa. Ku Monaco mu 2021 nati ya Valtteri Bottas idadyeka n'kukaniratu, iye ali pa nambala 2, ndipo mjaha wake udathera pomwepo. Akamulola kutuluka nati isanalimbe, tayala limaguluka ndipo timu imalangidwa.

Pa matayala enieniwo Chichewa n'cholemera kuposa mmene ambiri amachigwiritsira ntchito. Laphwa ndi limene latuluka mpweya pang'onopang'ono. Laphulika ndi la mwadzidzidzi. Laperepeseka kapena latha ndi limene ladyeka ndi msewu, ndipo ili ndi limene oulutsa amakamba nthawi zambiri. Kampani ya Pirelli, imene yakhala ikupereka matayala yokha kuyambira 2011, imawasiyanitsa ndi mzere wa m'mbali: ofewa ali ndi wofiira, apakatikati wachikasu, olimba woyera. Ofewa amagwira msewu bwino koma sachedwa kuperepeseka, olimba amapirira koma amachedwa kutentha. Kukakhala kopanda mvula, dalaivala ayenera kugwiritsa ntchito mitundu iwiri pa mjaha umodzi. A mvula ndiwo amafuna kusamala pakamwa, chifukwa alipo awiri, ndipo akuluakulu ena liwu loti kubiriwira amalinenera msipu ndi thambo lomwe. Nenani obiriwira pa a mvula yowaza, abuluu pa a chimvula.

Wa ku Mayfair yemweyo wafunsanso za undercut. Liwu limodzi lolowa m'malo mwake palibe, ndipo kulipeka kungakhale kudzivuta. Fotokozani chochitikacho: wotsalira watsogola kukasintha, wathamanga ulendo umodzi kapena iwiri pa matayala atsopano mnzake akadali pa otha, ndiye mnzakeyo potuluka kugalaja wapeza amusiya kale.

Kuchokera ku Diepsloot: "Ferrari yapambana, kapena Ferrari apambana? Nanga ndi Hamilton kapena a Hamilton?"

"Ferrari yapambana", chifukwa m'mutu muli liwu loti timu. Mukafuna kunena anthu ake, ikani a patsogolo: "a Ferrari alakwitsa posintha matayala". Ochita masewera timawatchula opanda a, ngati mmene atolankhani a mpira amachitira, koma mabwana a matimu amalandira ulemu wawo: a Toto Wolff a ku Mercedes. Mmodzi ndi woyendetsa, ambiri ndi oyendetsa. Kulemba "oyendetsa uyu" ndi matenda ofala kwambiri pa Facebook.

Bambo wina wa ku Midrand akuti: "Timakangana za mmene matimu achitire kutsogoloku. Mnzanga amati ndimalankhula ngati mlosi. Ndinene bwanji kuti ndisadzachite manyazi?"

Bambo, mneni wa Chichewa amaulula mmene mtima wanu watsimikizira. "McLaren ipambana Lamulungu" ndi kubetcha. "Idzapambana chaka chamawa" ndi lonjezo la patali, koma ndi lonjezobe. "Ingapambane", "ikhoza kupambana" ndi "itha kupambana" ndi mawu a munthu amene wasiya khomo lotulukira. "Ikadapambana" ndi wa zimene zidalephereka. Chitsanzo chake chabwino ndi cha 2025: Lando Norris adatenga chikho ndi mapointi 423, Max Verstappen 421. Verstappen akadapeza mapointi awiri okha akadafanana, ndipo chikho chikadapita kwa iye chifukwa adapambana mijaha 8 pamene Norris adapambana 7. Onani kuti kada akubwera mbali zonse ziwiri za chiganizo. Ena amati kana, "akanapeza, akanafanana", ndipo n'chimodzimodzi, bola musayambe ndi kada n'kumaliza ndi kana.

Nyengo imene malamulo a kapangidwe ka galimoto asintha, mneni woyenera ndi wa nga. Mu 2026 mwalowa injini zatsopano zimene pafupifupi theka la mphamvu yake ndi ya magetsi, Audi yatenga timu ya Sauber, Cadillac yalowa ngati timu ya nambala 11, Honda yapita ku Aston Martin komwe kuli katswiri wojambula galimoto Adrian Newey, ndipo Red Bull ikupanga injini yakeyake mothandizana ndi Ford. Kusintha kotere kudagubuduzapo mipando: mu 2009 timu ya Brawn GP, imene anthu sankaiwerengera, idatenga zikho zonse ziwiri, ndipo kuyambira 2014 Mercedes idatenga cha matimu zaka 8 zotsatizana. Masapota a Ferrari okha ndiwo sadziwa mneni wina koma "idzapambana". Chikho cha madalaivala adachiona komaliza mu 2007 ndi Kimi Räikkönen, cha matimu mu 2008. Kudikira adakuzolowera: Jody Scheckter wa kuno ku South Africa atawatengera chikho mu 1979, adakhala zaka 21 mpaka Michael Schumacher mu 2000.

Lomaliza ndi la wa ku Turffontein: "Poyamba mjaha amadikira maloboti asanduke obiriwira? Ndipo ndi ku Kyalami kapena pa Kyalami?"

Maloboti ndi a pamsewu, ndipo pamenepa obiriwira sadikiridwa. Magetsi ofiira asanu amayaka limodzilimodzi, ndipo akazima onse pamodzi mjaha wayamba. Nenani "magetsi azima". Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma kuno sayambira pamzere umodzi: amandanda awiriawiri malinga ndi nthawi imene aliyense adapeza poyeserana dzulo lake, ndipo wa pole position ndi amene tingoti wayambira patsogolo.

Ku ndi pa zonse zimagwira, koma mosiyana. Mukupita ku Kyalami, kufupi ndi Midrand. Alain Prost adapambana pa Kyalami mu 1993, chaka chimene Formula One idathamanga komaliza pa bwalolo. Dzina la Kyalami lidachokera ku mawu a Chizulu oti khaya lami. Liwu ndi liwu ndi "nyumba yanga", koma Mchewa ponena za kumene amachokera sati kwanga ngakhale ali yekha, amati kwathu.