Ndili ndi pakati, ndisiye mapiritsi a maganizo? Yankho kwa mayi wa ku Chinamwali

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, ndipo dzina ndalisunga monga anapemphera. Akuti: "Ndakhala ndikumwa fluoxetine kwa zaka ziwiri chifukwa cha matenda a maganizo. Pano ndili ndi pakati pa miyezi itatu. Apongozi akuti woyembekezera sameza mapiritsi achizungu, mwana amabadwa wolumala, ndipo pa gulu lathu la WhatsApp wina anatumiza uthenga woti ngakhale Panado amawononga ubongo wa mwana. Ndinasiya kumwa masabata atatu apitawo osauza munthu. Tulo sindikupeza, nsima sikulowa, ndikungokhalira kulira. Kodi ndinachita bwino?"

Achemwali, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Mantha anu ndi a mayi wokonda mwana wake, koma kusiya mwakachetechete chonchi sikunakuthandizeni. Musadikire tsiku la sikelo. Sabata yomwe ino tengani buku lanu la kuchipatala, mupite kumene mumalandirira mankhwalawo, mukanene kuti muli ndi pakati, tsiku limene munasiya, ndi mmene mukumvera. Zoyambiranso kapena kusintha mapiritsi akanene ndi iwo atakuonani. Ine changa n'kukuuzani zimene kafukufuku anapeza, kuti mukalowe m'chipinda cha dokotala mutu uli m'malo.

Apongozi anu sakungolota. Pakati pa 1957 ndi 1961, mapiritsi otchedwa thalidomide, omwe anapangidwa ku Germany, ankapatsidwa kwa amayi oyembekezera kuti aletse nseru ndi kubweretsa tulo. Ana oposa 10,000 anabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Lero lino ulipo sodium valproate, wa khunyu ndi matenda ena a ubongo: pa ana 10 obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema chachikulu. Komabe ngakhale mayi wa khunyu amauzidwa kuti asasiye yekha, chifukwa kugwa khunyu uli ndi pakati kungaphe mayi ndi mwana yemwe. Amamusinthira ena, ndipo bwino kwambiri n'kusintha asanaime.

Nkhani ya thalidomide ija inasiya vuto lina. Asayansi anayamba kuopa kuyesera mankhwala atsopano pa amayi oyembekezera, choncho zambiri zimene tikudziwa lero zimachokera pa kutsata mabuku a zipatala: awa anamwa, awa sanamwe, ana awo anabadwa bwanji. Apa ndi pamene mauthenga a pa WhatsApp amatipusitsira. M'chipatala mumamwalira anthu ambiri kuposa pamsika wa Mpondabwino, koma palibe amati chipatala ndicho chimapha. Kumapita anthu odwala kale. N'chimodzimodzi mayi womwa mapiritsi a maganizo. Amamwa chifukwa akudwala, ndipo matendawo paokha amabwera ndi kusadya, kusagona, nthawi zina mowa ndi fodya. Mwana akabadwa ndi vuto, mlandu ndi wa piritsi kapena wa matenda?

Mu 2014, gulu la Krista Huybrechts ku Boston linafalitsa zimene linapeza pa amayi oyembekezera pafupifupi 950,000 a ku America. Poyamba zinkaoneka ngati ana a amayi omwa mapiritsi a mtundu wa fluoxetine amabadwa ndi vuto la mtima kawirikawiri. Atayerekeza amayi odwala maganizo omwa mankhwala ndi anzawo odwala matenda omwewo koma osamwa, kusiyana kuja kunachepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Dziwaninso kuti pa ana 100 alionse, awiri kapena atatu amabadwa ndi chilema ngakhale mayi asanameze piritsi ndi limodzi lomwe. Za Panado nazonso zinayenda motero. Ku Sweden anatsata ana oposa 2.4 miliyoni, ndipo mu 2024 anasonyeza kuti akayerekeza ana a bere limodzi, wina amake atamwa paracetamol (Panado yemweyo) ali ndi pakati pake, wina osamwa, sipakhala kusiyana pa matenda a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limavutitsa mwana kulankhula ndi kucheza ndi ena. Thupi likatentha, Panado pa mlingo woyenera ndiye woyamba, kenako kukayezetsa malungo. Amene muyenera kuwapewa pagolosale ndi Brufen, Indocid ndi diclofenac, makamaka pakati pakapitirira masabata 20.

Fluoxetine ali ndi zake, sindikubisirani. Ana ena, mwina mmodzi pa atatu, mayi akamwa mpaka kumapeto amabadwa akunjenjemera, akulira kwambiri kapena akuyamwa mwaulesi, ndipo nthawi zambiri zimatha pa masiku ochepa. Palinso vuto lina la kupuma lomwe ndi losowa: limagwira ana pafupifupi awiri pa 1,000 alionse, ndipo ndi mapiritsiwa chiwerengerocho chimakwera kufika pa atatu. N'chifukwa chake mukachilire kuchipatala, azamba akudziwa zimene mukumwa. Kumbukiraninso kuti ziwalo zikuluzikulu za mwana zimaumbika m'masabata 10 oyambirira, ndiye pamene munkasiya nthawi yoopedwayo inali itatha kapena ikutha. Mwadzivutitsa popanda phindu lenileni kwa mwanayo.

Mbali imene a pa WhatsApp saitchula ndi ya mayi wosiya mankhwala. Mu 2006, Lee Cohen ndi anzake anatsata amayi oyembekezera 201 omwe anadwalapo kwambiri matenda a maganizo. Mwa amene anasiya mapiritsi, 68 pa 100 alionse anayambiranso kudwala. Mwa amene anapitiriza, anali 26. Mayi wodwala maganizo ndi amene amajomba kusikelo, amaiwala mapiritsi owonjezera magazi, amaphonya Fansidar, ndipo ngati ali pa ma ARV amayamba kudumphitsa. Kafukufuku wambiri wapeza kuti matendawa akapanda kuthandizidwa amayendera limodzi ndi kubadwa kwa ana osakwana masiku kapena onyentchera. Ndipo simuli nokha. Bungwe la WHO limatchula kuti m'mayiko osauka amayi oyembekezera oposa 15 pa 100 alionse amavutika maganizo, ndipo kufupi konkuno, pa sikelo ya ku Mangochi, Robert Stewart ndi anzake anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi pa 10 anali ndi matendawa mwamphamvu.

Zoti woyembekezera sameza mapiritsi, dziko lathu lomweli linazitsutsa kalekale. Malawi ndiye anayamba pa dziko lonse kupereka Fansidar kusikelo mu 1993, ndipo mu 2011 anayambanso kuika pa ma ARV mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV, njira imene mayiko ena anadzatengera pambuyo. Ana ambirimbiri amene akuthamanga m'misewu ya Sadzi ndi Chikanda opanda kachirombo ndi ana a amayi omeza mapiritsi tsiku ndi tsiku. Chimene ine chimandiseketsa mowawa n'chakuti agogo ena oletsa piritsi loyezedwa mlingo ndi omwewo amakufikitsira mwanamphepo mwezi ukakwana, mankhwala oti palibe akudziwa mphamvu yake m'kapumo, ndipo azamba amadandaula nawo chifukwa chofulumizitsa kubereka mpaka mwana kubanika. Koma musakayambane ndi apongozi pa nkhaniyi. Apempheni akuperekezeni, kapena mupite ndi abambo akunyumba, akamve okha kwa anesi. Mawu a mpongozi wamng'ono amapepuka, a munthu wovala yunifolomu amalemera.

Mapiritsi si njira yokhayo. Kwa mayi amene matenda ake ndi ocheperako, uphungu wokambirana umagwira ntchito. Atif Rahman anasonyeza mu 2008 ku Pakistan kuti alangizi a zaumoyo a m'midzi, ataphunzitsidwa bwino, anachepetsa ndi theka chiwerengero cha amayi odwala maganizo, ndipo WHO inatulutsa buku la njirayi, Thinking Healthy, mu 2015. Funsani ngati uphungu ulipo kumene mukupitako. Kungoti kwa inu, mwamwa zaka ziwiri ndipo zizindikiro zabwerera msanga chotere, ndikuona kuti uphungu ukhale woonjezera pa mankhwala.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene timauchitira manyazi. Zomba Mental Hospital ili pakhomo pathu, anthu amachokera ku Nsanje ndi ku Mulanje kudzaonana ndi akatswiri ake, koma ife timaopa kuti wakabaza akatiulula kuti anatitsitsa "kwa amisala". Mukayamba kuganiza zodzipweteka, kapena zoti kuli bwino kufa, kapena kumva mawu amene ena sakuwamva, musayembekezere kuti kuche: uzani munthu amene muli naye pafupi akutengereni kumeneko kapena ku Zomba Central Hospital nthawi yomweyo.

Pokambirana ndi dokotala mufunsiretu za kuchikuta, chifukwa masabata oyamba mutachira ndi pamene matendawa amakonda kubwerera mwamphamvu. Fluoxetine amalowa mumkaka kuposa sertraline, omwe ndi mapiritsi ena a maganizo, koma amayi ambiri amayamwitsa bwinobwino akumwa, ndipo madokotala sakonda kusintha mankhwala amene akumuyanja munthu popanda chifukwa chokwanira. Zimene mwagwirizana azilembe m'buku lanu, kuti mzamba wa usiku umene mudzachire adzaziwerenge.