Damu mangani, koma mabango akumtundawo asiyeni

Achimwene, mwati komiti ya m'mudzi mwanu cha ku Santhe ikufuna kutchinga dambo kuti madzi azifika mwezi wa Novembala, koma anthu agawanika: ena akuti mabango ndi mlulu zonse zisadzidwe kuti damu lioneke loyera, musamabisale njoka ndi udzudzu, ena akukana. Ine ndili mbali ya okanawo.

Dambo limasunga madzi pansi, osati pamwamba pokha. Mvula ikagwa, madzi otsika m'minda amakafika m'mabango n'kufooka liwiro, matope n'kutsalira pamizu, ndipo madziwo amalowa m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono chilimwe chonse. N'chifukwa chake mu Okutobala, kumtunda kuli fumbi lokhalokha, mukakumba ndi khasu m'dambo mumapeza makande akuda, ozizira, omata m'manja. Madambo otere a ku Mchinji ndi kuno ku Kasungu ndiwo amadyetsa Bua ndi Rusa mvula ikatha. Mukasadza mabango onse, dothi lochokera m'minda ya chimanga ndi fodya lidzalowa m'damu popanda cholitchinga. Pakatha zaka zingapo mudzapeza khoma lili chilili, kumbuyo kwake kuli bwalo la matope loti ana n'kuseweramo mpira.

Choncho gawani malowo. Kufupi ndi khoma kumbani pozama, chifukwa madzi osaya dzuwa limawamwa msanga. Kumtunda komwe madzi amalowera kusiyeni kuli tchire, osalimako, osatenthako, osaumbako njerwa. Madimba ndi nazale za fodya zikhale kumunsi kwa khoma, madzi muzitenga ndi paipi kapena mpope. Ng'ombe zikhale ndi pomwera pake, chifukwa zikazolowera kukwera pakhoma ziboda zake zimatsegula timakwalala, ndipo mvula imayambira pomwepo kukokolola.

Za njoka, inde, zidzakhalamo, ngati mmene zimakhalira m'nkhokwe ndi m'zulu. Koma malo omwewo ndiwo oswanirana makumba ndi mlamba, ndipo tiana ta nsomba timadya mphutsi za udzudzu. Mitundu ina ya udzudzu wa malungo imakonda kwambiri timadzi tosaya towombedwa ndi dzuwa, monga m'maenje a njerwa ndi m'mapondedwe a ng'ombe, kuposa madzi ozama okhala ndi nsomba. Mukasiya mabangowo mudzaona kakowa ataima mwendo umodzi m'mphepete, nantchengwa atanyamula zinyalala kupita nazo pachisa chake chachikulu chija pamphanda ya mtengo, atsekwe, ng'anzi, mwina ndi katumbu amene. Katumbuyo adzakuberani nsomba, musadzati sindinanene, koma sangamalize damu. Oluka mphasa ndi ofolera nyumba azidulako chigawochigawo mbalame zikatha kuswa, osati kugwetsa zonse chaka chimodzi.

Amene anafikako ku damu la Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu National Park, akudziwa zimene ndikunena. Damu lija si lalikulu kwenikweni, koma chilimwe chikafika pachimake mvuu, njovu, agwape ndi mbalame zimasonkhana pomwepo. Apa mpomwe ndikuchenjezeni: madzi okhalitsa amaitana alendo. Anzathu okhala m'malire a paki, makamaka chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ayambe afunsa a zanyama zakutchire asanatchinge dambo pafupi ndi minda. Inu a ku Santhe nkhawa yanu ndi ng'ona, zomwe zimatha kutsata madzi osefukira kuchokera kumitsinje ikuluikulu. Mukaona mkwekwe wa mchira pamatope, auzeni a boma, musatume anyamata ndi mikondo.

Chimene chimagwetsa madamu ambiri a m'midzi si nyama ayi, ndi kusowa kwa potayira madzi. Anthu amakweza khoma, n'kuiwala kuti mu Febuluwale dambo lomwelo limasanduka mtsinje. Madzi akangodutsa pamwamba pa khoma la dothi, usiku umodzi wokha latha, ndipo limapita ndi madimba a anthu akumunsi, mlandu n'kuyamba. Kumbani ngalande yotakata pambali, panthaka yolimba yosasunthidwa, yotsikirapo kuposa mutu wa khoma, muyalemo miyala ndi kubzalamo udzu. Khomalo liyambire m'ngalande yokumbidwa mpaka padothi lolimba, muzithira dothi lomata pang'onopang'ono, lonyowa, n'kumasinja mwamphamvu musanawonjezere lina. Mchenga, zitsa ndi udzu zisalowemo. Pamwamba bzalani kapinga, m'mphepete vetiva. Mitengo pakhoma ayi, mizu ikaola imasiya njira za madzi. Bulugamu ndiye asayandikire dambo n'komwe.

Musatseke madzi onse. Mudzi wakumunsi nawo umamwa dambo lomwelo, ndiye amfumu a mbali zonse akhale pansi ntchito isanayambe. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka zilolezo zotchinga ndi kupatutsa madzi. Yambirani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndi ofesi ya ulimi wothirira pa boma, akuyezereni malo ndi kukuuzani zoyenera kulemba.

China chimene komiti yanu isachinyalanyaze ndi likodzo. Nkhono zofalitsa matendawa zimakonda madzi odekha okhala ndi zomera, ndiye pano okonda kusadza ali ndi mfundo ndithu. Koma yankho lake n'kulambula pamalo potungira ndi pochapira pokha, kumanga chimbudzi chapatali ndi madzi, kuletsa ana kusambiramo ndi kukodzeramo, komanso kuonetsetsa kuti akumwa mankhwala aja amagawidwa m'masukulu. Madzi akumwa akhalebe a pamjigo. Ngati mukumba chitsime, chikumbeni kumunsi kwa khoma chapatali pang'ono, pomwe madzi amafika atasefedwa kale ndi nthaka, ndipo muchivindikire.