Kodi Kuyang'anira Ma Log Ndi Ntchito Yatsogolo?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wamaliza maphunziro a zamakompyuta, ndipo kumene akuphunzira ntchito amupatsa udindo woyang'anira ma log. Akuda nkhawa kuti mwina angomukankhira ntchito imene ena akuikana.

Amayi, mtima ukhale m'malo. Ma log ndi zimene kompyuta, seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) kapena firewall (chotchinga choletsa olowa mosaloledwa) imalemba yokha pa chilichonse chochitika: ndani walowa, nthawi yanji, kuchokera kuti, chakanika n'chiyani. Pa Windows, munthu akalakwitsa pasiwedi pamalembedwa nambala 4625, akalowa bwino 4624. Ndiye taganizani, pakati pa usiku 4625 yabwera kambirimbiri motsatizana, kenako 4624 imodzi. Pamenepo wina wathyola chitseko. Wodziwa kuwerenga zimenezi ndi amene kampani imamudalira zinthu zikavuta.

Ntchito yaikulu ili pa kusonkhanitsa. Akuba a pa intaneti akalowa, amafufuta ma log kuti asasiye mapazi. N'chifukwa chake ma log amatumizidwa nthawi yomweyo ku seva ina yapakati, kawirikawiri kudzera pa syslog, njira imene Eric Allman anayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Mawotchi a makina onse ayeneranso kugwirizana pogwiritsa ntchito NTP, njira yolinganiza nthawi pa makompyuta. Ambiri amanyozera zimenezi, koma seva imodzi ikatsogola ndi mphindi zisanu zokha, simungadziwenso chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Kasungidwe kali ndi malamulo ake. Kampani yolandira malipiro a makadi a kubanki imatsatira PCI DSS, ndondomeko ya chitetezo cha makadiwo, imene imafuna kuti ma log asungidwe miyezi 12, ndipo a miyezi itatu yomaliza azipezeka msanga. Komabe kusunga chilichonse kumadya ndalama, ndiponso m'ma log mumakhala zachinsinsi za anthu, choncho mwana wanu aphunzire kusankha zosunga ndi oyenera kuziona.

Muuzeni asadikire kuphunzitsidwa. Aike Linux pa kompyuta yakale, atsegule /var/log, kumene Linux imasunga ma log, azolowere kufufuza mawu m'mafayilo ndi pulogalamu ya grep, kenako ayese Wazuh, pulogalamu yosonkhanitsa ndi kusanthula ma log, imene ndi yaulere. Akakhazikika aphunzire mapulogalamu ena osanthula ma log monga Splunk kapena Elastic Stack, ndipo satifiketi ya CompTIA Security+ ingamutsegulire khomo lolowera m'gulu loyang'anira chitetezo cha makompyuta. Chilichonse chachilendo chimene wapeza azichilemba bwinobwino ndi mmene anachithetsera, chifukwa pa intavyu adzamufunsa zimenezo.