Musathamangire kugulitsa mfutiyo, yambani mwaona zipolopolo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a cha ku Ngabu. Ali ndi mfuti ya .22, ija ya zipolopolo zing'onozing'ono, yomwe anasiya malemu bambo awo, mapepala ake anakonza kupolisi bwinobwino, ndipo amathamangitsira apusi m'munda wa mapira. Akuti masiku ano ikumwaza, kuwombera kasanu malo amodzi, zipolopolo kugwa uku ndi uku. Akufunsa ngati mpope wa mfutiyo watha, aigulitse. Kumapeto awonjezera kuti vuto silingakhale zipolopolo, chifukwa iwo amagula "zamphamvu zenizeni."

Bambo, mawu omalizawo ndiye mwandiponda pachilonda.

Malume anga anali ndi mfuti ya .22 ya mtundu wa Brno ya ku Czechoslovakia, ija yokoka ndi dzanja ukawombera kamodzi. Anaigula akugwira ntchito kunzimbe ku Nchalo, ndipo atapuma anapita nayo kumudzi, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Inkagona yokulungidwa m'chitenje chakale cha azakhali, ndipo mwana ukangoyandikira, diso lokha linkakubweza. Munthu uja ankalasa. Chitini cha machesi ayi, kabokosi ka machesi kenikeni, kuika pachulu, iwo n'kubwerera mapazi makumi asanu, kamodzi kokha kagwa. Ndiye mnzawo wina anawapatsa mphatso ya zipolopolo zosakanizasakaniza, zina mitu yofiirira ngati mkuwa, zina zotuwa, zina zoboola kumutu, zonse m'jumbo imodzi. Malume anazikhuthulira m'chitini cha mkaka n'kuchiika pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata, kuti ana tisafikire. Inu mukuudziwa Okutobala wa kuno.

Mvula isanagwe mfuti inayamba kuphonya. Apa mpomwe anabwera akatswiri a m'mudzi. Wina akuti mpope wafutukuka. Wina akuti mayi wina anaidumpha. Panalinso mkulu wina amene analumbira kuti mfuti yamangidwa ndi munthu wa kaduka, ndipo malume, munthu wopemphera, wa kwaya, anafika pomangirira kachithumwa kuthako kwa mfuti, azakhali osadziwa. Sizinathandize. Mapeto ake anaigulitsa kwa mphunzitsi wina wa kuboma pamtengo woti ungagule mbuzi zochepa chabe. Tsiku lomwe mapepala anatheka, mphunzitsiyo anabwera ndi kabokosi kake katsopano, nati ayese kaye asananyamuke. Anawombera zingapo pachulu, kenako anaika chitsekero cha botolo. Chinauluka. Chachiwiri chinauluka. Malume tsiku limenelo nsima sanadye.

Chitini cha mkaka chija ndinachitsegula ine patapita nthawi. Zipolopolo zinali zonata, phula lake litasungunuka n'kuundana mbali imodzi, mchenga utamatirira, mitu ina itachita zoyera ngati yawazidwa ufa. Ina mwa mitu ija ukaigwira inkagwedera ngati dzino lofuna kuchoka. Mfuti inalibe mlandu uliwonse.

Chipolopolo cha .22, chomwe dzina lake lonse ndi .22 Long Rifle, ndi chakale, anachitulutsa a kampani ya Stevens ku America mu 1887, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Zipolopolo za mfuti zikuluzikulu zili ndi kabatani pakati kumbuyo, pomwe kamsomali ka mfuti kamamenya. Cha .22 chilibe. Mankhwala oyatsa moto anawathira mkati mwa mkombero wa m'munsi, kuzungulira, ndipo kamsomali kamaphwanya m'mphepetemo. Ngati kufakitale mankhwalawo anachuluka mbali ina n'kuchepa mbali ina, moto suyaka mofanana. Onga nawo ndi wochepetsetsa, moti kusiyana pang'ono chabe kumasintha liwiro. Chipolopolo chochedwa chimagwa m'munsi, chofulumira chimakwera. Mukaona mabowo papepala atandandalika chotsika ngati mzere, kawirikawiri ndi zimenezi. Ngakhale khutu limamva: china chikuti pha, chotsatira chikuti phu.

Tsono za "zamphamvu" zija. Ine ndinene mosapsatira, kugula zipolopolo chifukwa pabokosi palembedwa liwiro lalikulu ndi kutaya ndalama, ngati chomwe mukufuna ndi kulasa. Zipolopolo wamba za .22, mutu wake wolemera pafupifupi magalamu 2.6, zimatuluka pa liwiro la mamita 320 kapena 330 pa sekondi. Zothamanga zija zimatuluka cha m'ma 375 mpaka 390, ndipo pali zina ngati CCI Stinger zomwe zimafika pafupifupi 500, koma mutu wake ndi wopepuka. Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi kunja kukakhala madigiri 20, ndipo kukatentha madigiri 40 monga kuno limafika cha m'ma 355. Ndiye onani: chothamanga cha 375 mpaka 390 chija chimatuluka chikupitirira liwiro la phokoso, koma chisanafike mamita 50 chatsika kale pansi pa liwirolo, ndipo podutsa malire amenewo mpweya umachikankha mosiyana. Chawamba chija chimayenda ulendo wonse chili pansi pa malirewo, palibe chochisokoneza.

Chomwe anthu amakana kukhulupirira ndi cha mphepo. Aliyense amaganiza kuti chothamanga mphepo siichipeza. Ndi zosiyana. Chomwe chimapangitsa mphepo kupatutsa chipolopolo ndi kuchuluka kwa liwiro lomwe chikutaya m'njira, ndipo chothamanga chimataya lambiri msanga. Masana a ku Ngabu, mphepo ikuwomba fumbi m'minda ya thonje, chothamangacho ndi chomwe chimapatuka kwambiri. Ubwino wake ulipo, sindikana: sichigwa msanga patali, ndipo chimamenya molimba. Koma kumenya molimba pamalo olakwika n'kwantchito yanji? Mwangovulaza nyama, ikafere kutchire ndi ululu.

Mukafuna umboni, onani omwe amawombera pa mpikisano wa Olympics. Amaima mamita 50, ndipo kabwalo ka pakati kopatsa mapointi 10 n'kotambalala mamilimita 10.4 okha. Onsewo amagwiritsa ntchito zipolopolo zosathamanga, monga Eley Tenex ya ku England, RWS R50 ya ku Germany ndi Lapua Midas+. Ndalama zambiri zomwe amalipira akulipirira chinthu chimodzi, kuti chipolopolo chilichonse m'bokosimo chifanane ndi chinzake. Ndipo sakhutira ndi dzina lokha. Pabokosi pamakhala nambala ya gulu lomwe zinapangidwira limodzi, ndipo amayesa magulu angapo m'mfuti yawo, n'kugula lambiri la gulu lomwe lagwirizana nayo. Mfuti ziwiri zotuluka fakitale imodzi zili ngati ana a bere limodzi, wina nsima ya mapira amanyambita mbale, wina safuna n'kuiona komwe. N'chifukwa chake ndimatopa ndi anthu ondifunsa kuti mtundu wabwino koposa ndi uti. Funsani mfuti yanu papepala.

Ndisanaiwale, chifukwa nkhani ya mphamvuyi imandikwiyitsa. Alipo anzathu m'mbali mwa mtsinje amene amaganiza kuti akagula zothamanga ndiye kuti .22 yasanduka mfuti ya ng'ona kapena mvuu. Ayi ndithu. Mvuu yovulala ndi yomwe imakagubuduza bwato la munthu wosalakwa mawa lake. Zimenezo kauzeni a zanyama zakutchire, ndi ntchito yawo. Ndipo inu okhala kufupi ndi Lengwe, Majete kapena Mwabvi, chiphaso cha mfuti si chilolezo chosaka, ndipo malamulo a zanyama atawakhwimitsa mu 2017 chilango chimatha kufika zaka 30 kundende. Kuwombera pamadzi nakonso lekani. Chipolopolo cha .22 chimadumpha pamadzi n'kupitirira, pabokosi amachenjeza kuti chimafika mtunda wopitirira makilomita awiri, ndipo ku Elephant Marsh kuseri kwa bango lililonse kungakhale msodzi. Kamfuti aka anthu amakaderera chifukwa sikalira kwambiri.

Tibwerere ku phula lija. Mutu wa .22 ndi mtovu wofewa, wopakidwa phula kapena mafuta kunja, ndipo phulalo limatsalira mkati mwa mpope. Mtundu uliwonse uli ndi phula lakelake. Mukasintha mtundu, zoyambirira zimayenda pa phula la mtundu wakale ndipo zimasochera, mpaka mpope utazolowera latsopano. Tsono taganizani munthu amene akuthira chofiira, kenako chotuwa, kenako choboola, monga ankachitira malume. Mpope sunazolowerepo kalikonse. Onjezani kutentha kwa pansi pa malata, onjezani chinyontho cha nthawi ya madzi osefukira, poti mutu wa .22 sumatseka zolimba ngati wa zipolopolo zazikulu ndipo chinyezi chimatha kulowa. Kuyenda nazo m'thumba la malaya limodzi ndi makobili ndi fodya, mitu n'kumaphwanyika, n'chimodzimodzi.

Kunena za mpope kutha, mtovu wofewa pa liwiro lochepa chonchi sudya chitsulo msanga. Mfuti za .22 zimapirira zipolopolo zikwi makumimakumi. Chomwe chimapha mipope kuno ndi dzimbiri, mavu omanga zisa za dothi mkati, ndi anthu otsuka ndi waya wa njinga kuchokera kukamwa kwa mpope, n'kukanda m'mphepete momwe chipolopolo chimatulukira.

Nanga muchite chiyani?

Mangitsani kaye zomangira zonse, za sikopu (kagalasi kolozera ka pamwamba pa mfuti) ndi zogwira chitsulo kuthabwa. Tsukani mpope kuchokera kumbuyo. Kwa wogulitsa wovomerezeka gulani timabokosi ta mitundu itatu, iwiri ikhale yosathamanga. Dzukani m'mamawa mphepo isanayambe, khomani pepala pa mamita 50 kutsogolo kwa chulu chachikulu, mfuti itsamire pathumba la mchenga. Mtundu uliwonse tayani kaye khumi zozoloweretsa mpope, kenako wombani magulu atatu a zisanuzisanu osakhudza sikopu. Musayang'ane kuti zagwa pakati kapena ayi, yang'anani kuti zaunjikana bwanji. Mtundu womwe wapambana lembani nambala yake, gulani omwewo, muzisunga m'bokosi lake m'chitini chotseka bwino, pansi pozizira, mokiya.

Mitundu yonse itatu ikamwaza mofanana, tengani tochi muunike kukamwa kwa mpope, mujambule pamodzi ndi mapepala aja munditumizire. Za mtengo wogulitsira tidzakambe pamenepo.