Famase ikatseka, odwala apita kuti?

Mayi wina wa ku Lizulu wandilembera kuti kasitolo kake ka mankhwala kakugwa, ndiye akufunsa ngati boma lingamuthandize kapena angotseka. Amayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa bambo anga amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse.

Kwathu n'ku Bembeke. Kuchipatala cha boma mankhwala ndi aulere, inde, koma kangati adokotala atalemba m'buku n'kunena kuti "awa atha, mukagule"? Ife tinkagula pa kafamase kena pa Dedza boma. Mwiniwake ankawaitana bambo ndi mfunda wawo, ankawayeza BP asanawapatse mapilitsi, ndipo mwezi ukavuta ankalemba ngongole m'kope lofiira lomwe linkakhala pansi pa kauntala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mashelefu anayamba kuoneka matabwa okhaokha. Lero pakhomopo akugulitsa kaunjika.

Ena amati eni mafamase ndi adyera. Bodza limenelo! Mankhwala ambiri amachokera kunja, makamaka ku India, ndipo amagulidwa ndi madola omwe akusowa m'mabanki. Wahoselo ku Lilongwe akakweza mtengo, inu mukweza bwanji kwa agogo omwe abwera ndi ndalama ya mbatata yomanga pansalu?

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti famase ikatseka, wodwala sasiya kugula. Amapita kwa venda tsiku la msika, makapisozi a amoxicillin atayalidwa pathumba, padzuwa, moyandikana ndi tomato, akugulitsidwa awiriawiri. Inu mumalipira laisensi ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Iyeyo salipira kanthu, safunsa ngati mayi ali woyembekezera. Munthu akamwa theka la mankhwala, mawa matenda omwewo samvanso mankhwala.

Ine sindikufuna boma ligawe ndalama kwa eni masitolo, ayi. Liike oitanitsa mankhwala patsogolo pa mzere wa madola monga limachitira ndi mafuta a galimoto, ndipo lichotse mankhwala m'misika. Basi.

Nanga inu muchite chiyani?

Musatseke msanga. Gwirizanani ndi anzanu a ku Ntcheu boma ndi ku Tsangano muziwoda limodzi kuti mtengo utsike, sungani kwambiri mankhwala oyenda msanga, ndipo laisensi isathe.