Kodi Chiradzulu ndi boma loyenera kugulako malo okhala ndi kulima?

Bambo wina wogwira ntchito ku Limbe watilembera kalata pa imelo. Akuti watopa ndi lendi, ndipo wapeza maekala awiri ku Chiradzulu. Akufuna kumanga, kulima chakudya cha banja la anthu 6, kuweta pang'ono, n'kumapitabe kuntchito. Funso lake ndi lakuti: poona zimene namondwe wa Freddy anachita, kodi bomali ndi labwino kukhazikikako?

Bambo, Chiradzulu ndi yabwino kwa munthu wa ntchito ya m'tauni, makamaka mbali za Njuli ndi Nguludi kumene minibasi sizivuta. Chipatala cha boma chilipo, cha mishoni ku Nguludi chiliponso. Koma simukugula boma lonse, mukugula maekala awiri, ndipo m'mudzi umodzi momwemo muli malo oti mwana angagone mtima uli m'malo ndi ena oti musawalandire ngakhale aulere.

Tiyambe ndi phiri. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, nthaka ya m'mapiri inakhuta madzi n'kutsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Ndi zimene zinachitika ku Chilobwe m'tsinde mwa Soche, ndiponso m'mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu komweko. Matope otere satsika paliponse, amatsata zigwembe zimene madzi anakumba kale. Choncho mukaima pamalopo, tembenukani muyang'ane kumtunda. Ngati pali chigwembe cholunjika pamene mukufuna kuika nyumba, ngakhale chikhale chouma gwa, achokereni malowo. Onaninso miyala ikuluikulu yongoti mbwee m'munda: sinamere pamenepo, inagubuduzika kuchokera kumtunda, ndipo inzake idakali komweko. Mitengo yopendekera kumunsi, ming'alu yopingasa phiri, ndi madzi otumphuka pansi nthawi ya dzinja, zonsezi zikunena kuti nthaka ikuyenda.

Kumunsi nakonso kuli zake. Dothi lakuda la makande limafufuma kukagwa mvula n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo limang'amba maziko a nyumba. Dambo lisiyireni dimba. Nyumba ikhale pa katondo, pamalo okwererako pang'ono. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi mu Febuluwale, mubwereko mawa lake. Mukapeza madzi atadzamo kuchokera pansi, chimbudzi chanu chidzasefukira chaka chilichonse.

N'chifukwa chake timati malo muwaone kawiri musanapereke ndalama: mu Febuluwale mvula ili pachimake, ndi mu Okutobala dzuwa litaswa mtengo. Ulendo woyamba yendani wapansi kuchokera pa tala mpaka pamalopo, muwerenge mitsinje imene mwawoloka. Mlatho umodzi ukakokoloka, kodi pali njira ina yofikira kuchipatala? Ulendo wachiwiri pitani pamjigo m'mamawa. Mukaona zidebe zitandandalikidwa mzere ndipo amayi akudikira kuti madzi abwererenso, dziwani kuti mjigowo umaphwa. Afunseni amayiwo, osati wogulitsa malo.

Za madzi werengerani chonchi. Munthu mmodzi malita 20 patsiku ndiye ochepetsetsa, kutanthauza malita 120 pa banja lanu, ziweto ndi dimba tisanaziwerenge. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la malata la masikweya mita 80, chaka cha mvula ya mamilimita 1,000, lingakupatseni malita oposa 60,000 mutachotsa otayika. Vuto ndi posungira: thanki ya malita 5,000 ikukwanirani masabata 6 okha, pomwe chilimwe chimayamba mu Meyi mpaka Okutobala kapena kupitirira. Thanki ndi yopulumukirapo mjigo ukawonongeka, siilowa m'malo mwa chitsime. Chitsimecho chikhale kumtunda kwa chimbudzi ndi khola, pamtunda wosachepera mamita 30, chomangidwa ndi njerwa ndi chovundikira. Kolera wa 2022 ndi 2023 anafala kwambiri kudzera m'madzi oipitsidwa, ndiye WaterGuard asamasowe m'nyumba.

Chakudya, maekala awiri akukwanirani mukawasamala. Banja la anthu 6 limadya matumba a chimanga 15 mpaka 18 a makilogalamu 50 pachaka. Ekala imodzi yothiridwa thumba la NPK pobzala ndi la urea pobereketsa, mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi paphando pa masentimita 25 aliwonse, ingathe kufika pamenepo mvula ikakhala bwino. Koma minda yambiri ya ku Chiradzulu ndi yoguga, chifukwa anthu ndi ochuluka ndipo nthaka sipuma. Zaka ziwiri zoyamba musadalire zokolola, thirani manyowa. Bzalani nandolo m'chimanga monga amachitira eni dera. Theka la ekala likhale la chinangwa ndi mbatata, pakuti ng'amba ya 2024 inapsereza chimanga m'maboma ambiri, ndipo mbewu za mizu zimapirira ng'amba kuposa chimanga. Pamalo otsetsereka ikani akalozera ndi udzu wa vetiva kuti madzi asathamange. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'matumba a PICS (aja osalowa mpweya), ndipo matumbawo akhale pathandala, osakhudza pansi kapena khoma. Nkhuku muzizitemera chitopa miyezi itatu kapena inayi iliyonse.

Magetsi musawaike pamtima. Namondwe wa Ana atawononga siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Sola yaing'ono yoyatsa mababu, kutchajira foni ndi wailesi ndi yokwana poyambira.

Pomanga, nyumba zambiri zimene zimagwa ndi mvula ndi za zidina kapena njerwa zomangira dothi, zimene zimanyowa kuchokera pansi. Maziko mumange ndi simenti, atuluke pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 30, muyale pepala loletsa chinyezi, denga litulukire kunja masentimita 60, ndipo kumtunda kwa nyumba mukumbe ngalande yopatutsa madzi.

Chimene chagwetsa anthu ambiri kuposa phiri ndi umwini wa malo. Ku Chiradzulu mabanja ambiri amatsata chikamwini, munda ndi wa mbumba. Bambo amene akukuonetsani malire akhoza kukhala mkamwini wopanda mphamvu yogulitsa. Funsani kuti mwini mbumba ndani, azilongo ake onse avomereze pamaso pa nyakwawa ndi a gulupu, eni minda yoyandikana nayo akhalepo poyenda m'malire, ndipo zonse zilembedwe ndi kusainidwa. Kenako pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukatsimikize kuti malowo alibe mkangano kapena lizi ya munthu wina, muyambe kulembetsa monga mwa malamulo a za malo a 2016 amene anasinthidwa mu 2022, ndipo saveya aike mabikoni. Ndalama perekani m'magawo, gawo lomaliza mabikoni atalowa pansi.