Kodi Filimu Imeneyi Si Yopanda Mutu?

Funso: A Mkonzi, ndinaonera filimu yakale ya anthu olemera omwe atadya mgonero kwa mnzawo analephera kutuluka m'chipinda chochezera. Khomo lili pululu, wowaletsa palibe, koma anakhalamo masiku ambiri mpaka kuphera nkhosa momwemo. Ndinadikira kuti ndimve chifukwa chake, filimu n'kutha osachitchula. Alamu anga akuti imeneyi ndi surrealism. Kodi si kusowa nkhani chabe kumeneku? — Mayi wokonda mafilimu

Yankho: Mayi, alamu anuwo sananame. Mwaonerayo ndi El ángel exterminador, yomwe Luis Buñuel anajambula ku Mexico mu 1962. Chifukwacho lekani kuchisaka, mwini wake sanachiikemo dala.

Surrealism, luso loonetsa zinthu monga zimachitikira m'maloto, inayambira ku Paris, mlembi André Breton atalemba chikalata cha gulu lake mu 1924. Anthuwa anali atawerenga za Sigmund Freud, katswiri wa maganizo a munthu, ndipo ankati maloto amaulula zomwe munthu amabisa masana. Mu 1929 Buñuel ndi wojambula zithunzi Salvador Dalí anatulutsa kafilimu kakafupi, Un Chien Andalou, atapangana kuti chithunzi chilichonse chotheka kuchifotokoza achitaye. M'menemo lumo likucheka diso (linali la nyama yakufa, mtima m'malo), nyerere zikutuluka m'chikhatho, abulu akufa agonekedwa pa piyano. Yotsatira yake, L'Âge d'Or ya 1930, apolisi a ku Paris anailetsa.

Taganizirani mmene mumalotera. Mukapeza malemu agogo anu atakhala pa mpando wanu wa ku ntchito, simukuwa ayi, mumangowapatsa moni. Kudabwa kumabwera mutadzuka. Kamera ya Buñuel imachita chimodzimodzi: zosatheka imazijambula mwa phee, ngati zawamba, osewera ali nkhope gwa. Filimu ya mizukwa imakuuzani yemwe anatemberera ndani. Iyi imangokusiyani nazo, inu n'kuyamba kudzifunsa nokha kuti kodi chomanga anthu aulemu wawo chonchi n'chiyani, manyazi kapena kuyang'anana kuti ayambe wina.

Ndivomereze kuti alipo opanga mafilimu omwe amangounjika zachilendo n'kumazitcha surrealism. Zimenezo ine ndimasinza nazo. Surrealism yeniyeni imakutsatirani mpaka pogona, ngakhale patapita sabata.

Ngati mwalimba mtima, yesani Mulholland Drive ya David Lynch ya 2001. Koma yambani mwaoneranso mathero a yanu ija: alendo aja atatuluka n'kupita kukathokoza ku tchalitchi, akanikanso kutuluka m'menemo, nkhosa zili ndondondo kulowa.